Ramadhani Yanga Inali mu Ogasiti

Ndikukumbukira Lachiwiri lina la mu Epulo, ndili Sitandade 3 ku Ntaja. Tinkaimba miyezi ya Chingerezi tikuwomba m'manja, Januwale mpaka Disembala. Nyimboyo ndinkaikonda chifukwa mawu anga ankabisala m'mawu a anzanga.

Kenako Madamu anapachika pepala lalikulu la miyezi yonse. Aliyense anayenera kuimirira mwezi wake wobadwa ukatchulidwa, n'kukalemba dzina lake pansi pa mweziwo. Chimene ndinkadziwa n'chakuti ndinabadwa m'Ramadhani, ndipo sabata imeneyo akuluakulu anali akusala. Ndinanong'oneza Mariyamu, mnzanga wa padesiki, kuti tili mwezi wanji.

"Epulo, iwenso!"

Epulo itatchulidwa ndinaimirira n'kukalemba kuti Asiyatu.

Madamu anasuzumira m'kaundula. "Muno muli Ogasiti. Akunama ndani, iwe kapena bukuli?"

"Anabadwa kawiri ameneyo!" anakuwa mtsikana wina kumbuyo, kalasi yonse n'kufa nazo nseko.

Madamu anakhwatcha dzina langa. "Ubwere ndi yankho mawa." Pakhomapo panali mayina a onse kupatula langa.

Kunyumba sindinakhazikike. Ndinasesa posesa kale, ndinatunga madzi mitsuko ili yodzaza. Amama ankasenda mbatata za futali pakhonde.

"Ukuzungulira chiyani ngati nkhuku yofuna kuikira?"

"Amama, ndinabadwa liti?"

"M'Ramadhani, nanga sindinakuuze?"

"Ndiye Epulo?"

"Iyayi, za Epulozo sindizidziwa. Kunali mphepo ya fumbi, nandolo akuuma m'munda."

Ndinayang'ana kumunda. Nandolo anali wobiriwira, wopanda ndi duwa lomwe. Amama anapukuta manja, n'kukatulutsa khadi langa lakusikelo m'sutikesi. Linalembedwa Ogasiti.

"Ramadhani imayenda, mwanangu," anatero. "Chaka chilichonse imafika msangako pang'ono. Ya iwe inatipeza kukuzizirabe."

Lero ndimamvetsa kuti ndinakulira pakati pa mawerengedwe awiri, ena otsata mwezi wakumwamba, ena okhazikika pakhoma, ndipo panalibe ananama. Koma madzulo amenewo chinkandivuta n'chakuti zonsezi zinafunika ndikazinene ndi pakamwa panga m'kalasi. Ndinaganiza zotuma Mariyamu kuti akandinenere. Ndinaganizanso zonamizira kudwala mutu.

Dzuwa lisanalowe ndinatenga kope langa n'kulemba kumapeto kwake: Mawa ndikweza dzanja ndekha, ndipo ndikanena mokweza kuti akumbuyo amve.