Mphuno ya Bambo ndi Mafuta a Giyabokosi

Bambo anga ankakhulupirira mphuno yawo kuposa Baibulo, ngakhale anali mkulu wa mpingo. Fodya ankamusankha ndi mphuno. Nyama ya pamsika ankayamba kuinunkhiza asanafunse mtengo. Anyamata amene ankabwera kudzandifunsira anali ndi mwayi kuti ankaima patali.

M'zaka za matipate zija, alimi wamba ataloledwa kulima fodya wa bale, bambo anakolola bwino n'kugula galimoto. Inali pikapu yotopa yochokera ku esiteti, yokoka ndi matayala onse anayi, chitseko chimodzi chomangidwa ndi linya. Koma kwa munthu amene anakalambira pachikamwini kwathu kufupi ndi Kachebere, akutumidwa ndi alamu ake ngati mwana, imeneyo inali ndege.

Chimene bambo ankafuna kwenikweni chinali kukakweza mayi awo ku Mkanda. Agogo anali atafooka, maso atasiya kuona, ndipo uthenga unkangobwera wakuti tisachedwe. Galimoto yokhayo imene anakwerapo inali ambulansi, choncho anali atalengeza kuti safa asanakwere ya mwana wawo.

Vuto linali lakuti giyabokosi inkadontha. Tinapita ku Boma kukagula oilo wake, ndipo wogulitsa anatipatsa botolo. Bambo anatsegula, ananunkhiza, nkhope n'kukwinyika ngati aluma ndimu.

"Achimwene, mwandiona ngati wa kumudzi eti? Oilo ameneyu wawola."

"Ayi bambo, wa giya amanunkha choncho. Ndi mankhwala ake amenewo."

"Mazira owola akhala mankhwala liti? Mwamutunga m'chigubu cha ndani ku Zambiako?"

Wogulitsayo anayesa kufotokoza kuti giya imafuna oilo wolemera, wosathawa pakatentha. Bambo anali atatuluka kale. Chinthu chimene sangachiike pakamwa pawo, anatero, sangamwetse galimoto yawo.

Titafika kunyumba anatenga chigubu cha amayi cha mafuta a mtedza. Anawatikita pa zala, kuwanunkhiza, kuwalawa, n'kugwedeza mutu ngati apeza fodya wa giredi yoyamba.

"Ndiye ndiwo tizithira dizilo?" amayi anafunsa.

"Inu za makina zisiyeni," anatero bambo, akulowa kunsi kwa galimoto.

Kunena zoona, titanyamuka ine, bambo ndi amayi kupita ku Mkanda, poyamba inayenda bwino, moti nanenso ndinayamba kuganiza kuti bambo atulukira nzeru imene azungu anaiphonya. Itatentha inayamba kununkhira zitumbuwa. Agalu a m'midzi yonse ya m'njira anatiperekeza. Kenaka tinalowa m'matope a dzinja, giyabokosi inayamba kulira ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Mafuta aja anali atasanduka madzi n'kuthera mumsewu. Panamveka kuti gwa! Injini inapitiriza kubangula, koma matayala anakana kumva.

Ku Mkanda tinalowa tikukokedwa ndi ng'ombe zobwereka, ana akuthamanga pambali akuimba. Ine ndinaseka mpaka misozi, koma nditayang'ana bambo chiseko chinandithera. Anali atagwira chiwongolero ndi manja onse, akuyang'ana kutsogolo, osaphethira. Ndinawamvera chisoni chimene sindinawamverepo.

Agogo anali atakhala pamkeka pakhonde, atavala chilundu chawo cha ku tchalitchi kuyambira m'mawa.

"Yafika?" anafunsa.

"Yafika, amayi," anatero bambo, mawu ali pansi.

"Ndiye mukudikira chiyani? Ndinyamuleni."

Palibe amene analimba mtima kuwauza. Bambo anamasula ng'ombe mwakachetechete, ananyamula agogo ngati khanda n'kuwakhazika kutsogolo. Kenaka anatikodola ndi dzanja, ine, amayi ndi asuweni onse amene anali pafupi, kuti tipite kumbuyo. Analiza injini, ife n'kuyamba kukankha.

Tinazungulira mudzi wonse: kuchitsime, kuseri kwa zigafa, mpaka pabwalo la mpira. Bambo ankaponda moto mwamphamvu ngati tili pamsewu wa ku Lilongwe, hutala osaiwala. Utsi wonse unkathera m'kamwa mwathu. Amayi ankakankha akutukwana chapansipansi, mawu amene sindinkadziwa kuti mayi wa chigwirizano angawadziwe. Agogo anatulutsa dzanja pawindo akubayibitsa anthu amene sankawaona, akutchula dzina la mwana wawo kwa aliyense.

Titafika pachitunda cha kutchalitchi mphamvu zinatithera, galimoto inayamba kukwawa. Ine ndinali nditasunthira pambali, ndikukankhira pawindo la agogo, ndiye ndinamva zonse.

"Yayenda bwanji, amayi?" bambo anafunsa.

"Yayenda bwino, mwana wanga. Ndakwera, mtima wanga wakhala pansi." Anawasisita pamkono, n'kutsitsa mawu. "Koma tsopano imitsa. Akumbuyowo atopa."