Nyimbo Imene Agogo Ankamva Okha

Fungo la malata otentha ndi utsi wa makala likandipeza, ndimabwerera ku Mchesi, pakhonde pomwe agogo anga aamuna ankakhoma ndowa ndi mbaula, nyundo ikulira kuyambira m'mawa, fumbi la maminibasi likutera pang'onopang'ono pa tsitsi lawo la imvi.

Nthawi zina nyundoyo inkangoima m'malere. Agogo ankayang'ana kutali, milomo ikutafuna chinthu chosaoneka, ndipo ukawaitana sankayankha. Akatsitsimuka ankamwetulira.

"Kunabwera a Nangondo," ankatero. "Amaimba ija ya pamtondo."

A Nangondo anali akazi awo, ndipo anamwalira ine ndisanabadwe.

Aneba ankanong'ona za mizimu. Koma tsiku lina agogo anagwera pambaula yamoto n'kupsa dzanja, ndipo amayi anawatengera kuchipatala, ine ndikutsatira. Kumeneko anawamata timawaya m'mutu, mizere n'kuyamba kuyenda pakompyuta ngati madzi a mumtsinje. Adokotala, mayi wolankhula mofatsa, analoza pomwe mizereyo inkanjenjemera mothinana.

"Mukuona apa, agogo? Kachigawo aka ka ubongo, pafupi ndi khutu, kakuthamanga kuposa kwina konse. Ndi matenda a khunyu, ndipo amayambira pamenepa. Mankhwala alipo."

"Ndikamamwa, nyimbo ija ndizidzaimvabe?"

Adokotala anayankha kuti, "Mwina ayi. Koma mukapanda kumwa, mudzagwanso."

Mapiritsi aja anakhala pawindo masiku ambiri osakhudzidwa. Amayi anachonderera mpaka kutopa. Kenako madzulo ena mlongo wanga wakhanda analira, agogo n'kutambasula manja kuti amunyamule monga mwa masiku onse. Amayi anamukumbatira mwanayo n'kubwerera m'mbuyo.

"Pepani bambo. Nanga mukagwa naye?"

Agogo anayang'ana dzanja lawo lomangidwa bandeji kwa nthawi yaitali. Atatero anandituma madzi m'kapu.

"A Nangondo andimvetsa," anatero akumeza. "Ankakonda ana kuposa mmene ankandikondera ine."

A Nangondo sanabwerenso. Patapita miyezi, ndinapeza agogo atakhala pamthunzi, khanda lili pamiyendo, akuimba okha nyimbo ija ndi mawu osasa. Mawu ena anali atawaiwala, ndipo pamenepo ankangong'ung'udza.

Lero ndimamuimbira mwana wanga nyimbo yomweyo. Pamene agogo ankang'ung'udza, inenso ndimang'ung'udza, chifukwa palibenso woti ndimufunse.