Doyili ya Amayi pa Kompyuta Yanga

Kompyuta yanga yoyamba inandizunza nthawi imene ndinkakhala ndi amayi ku Pumula. Ndikangolemba pang'ono, sikirini inkasanduka yabuluu, kenako zii. Katatu konse ndinainyamula pamiyendo m'kombi mpaka m'tauni. Wokonza makompyuta anazula timemori take, kutipukuta, kena n'kukasintha. Kwa iye inkagwira tsiku lonse osatsokomola n'komwe. Ndikafika nayo kunyumba, matenda aja ankayambiranso. Ndinafika pomunena bamboyo kuti ndi wakuba.

Tsiku lina itazimanso, ndinaiwomba mbama ndi ukali. Bokosi lake linali lotentha ngati simbi. Apo m'pamene ndinazindikira chinthu chimene ndinkachiona tsiku ndi tsiku: nsalu yochindikala ndi doyili, kansalu koluka kokongoletsera, pamwamba, zitatsekeratu mabowo onse otulukira mpweya. Kwathu wailesi, tivi, ngakhale firiji, zonse zimavala.

"Amayi, mwaifunditsiranji? Ikubanikatu iyi!"

"Hawu, ndiye ikhale maliseche alendo akuona? Fumbi la kuno sukulidziwa iwe?"

Ndinachotsa nsaluzo, ndipo tsiku limenelo sinazimenso. M'mawa mwake ndinapeza ataifunditsanso, ataikapo ndi maluwa pamwamba.