Mpata wa Pulagi Unalemaza Apongozi Anga

Apongozi anga aakazi lero amayenda ndi ndodo, mwendo wakumanzere akuchita kuukoka, ndipo amene ndinawachititsa zimenezi ndine. Kumudzi kwathu ku Nsefu anthu amati inali ngozi ya njovu. Njovu inalipodi, sindikukana, koma ngoziyo ndinaiyamba ndekha pansi pa mtengo ku Jumbe, tupa ndi sikuludiraiva zili m'manja. Inu owerenga, makamaka amene muli ndi njinga zamoto, ndimvereni mpaka kumapeto.

Ine ndine mkamwini. Ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga Esinati, nyumba yathu ili kuseri kwa ya amayi ake. Titagulitsa thonje chaka chatha ndinagula njinga yamoto n'kuyamba kunyamula anthu ndi katundu. Inali njinga yofatsa. Ukaponda kiki kamodzi yalira, ukaiimika inkalira yokha pang'onopang'ono mpaka utamaliza kupatsana moni ndi mudzi wonse. Koma ndikanyamula munthu wathupi ndi thumba la chimanga, mumchenga inkafooka, ndipo pamsewu wa tala anzanga ankandidutsa akuimba mluzu. Pamalo amene timadikirira makasitomala ku Jumbe anaipatsa dzina lakuti Ngolo. Ndikangotulukira, wina ankafuula kuti ng'ombe zake ndazisiya kuti.

Ine kusekedwa sindikupirira. Ndimaseka nawo pakamwa, koma mumtima ndikuwira.

Tsiku lina mnzanga Lazalo, amene njinga yake inkathamanga kuposa zonse pamalopo, anandikokera pambali. Iye si makaniko, koma pakamwa pake mungati anabadwira m'galaja.

“Mudala, iyi njinga ili chabe bwino, koma moto wake ni ung'ono,” anatero. “Tikulitse gapu ya pulagi, tifulumizeko na taimingi. Uzaona weka, sazakusekanso.”

Kwa amene simunaionepo pulagi, kunsonga kwake kuli kachitsulo kopindika koyang'anizana ndi kansonga kapakati. Pakati pa tiwiriti pali kampata, ndipo m'kampatamo ndi mmene mumathetheka moto woyatsa petulo mu injini. Ife kuno chida choyezera mpatawo tilibe, timayezera tsamba la sowo yodulira zitsulo. Likalowa mothina, ndiye kuti zili bwino. Lazalo anathyola tsamba lakale pakati, n'kusanjikiza zidutswa ziwirizo, ine n'kukanula kachitsuloko ndi sikuludiraiva mpaka zonse ziwiri zinalowa. Kenako tinatsegula chivundikiro cha mbali ya injini, pamene pali kakoyilo kamene kamauza pulagi nthawi yothetheka. Tinapala mabowo ake ndi tupa n'kukasuntha pang'ono, kuti moto uzibwera msanga. Anapala ndi ineyo, Lazalo ankangoloza ndi chala akudya mtedza.

Ndisanameyi, tsiku limenelo ndinasangalala. Pamsewu wa tala njinga inalira mwaukali, ndikangopotoza pang'ono inkachita kudumpha. Ndinadutsa awiri mwa ondiseka aja osawayang'ana n'komwe. Dzina la Ngolo linatha sabata yomweyo.

Zina zinayamba kuoneka, koma ndinazitsinzinira. Injini inkatentha mpaka kundiwotcha akakolo. Pokwera chitunda inkamveka ngati wina akugwedeza misomali m'chitini. Ndikasiya kupotoza mafuta inkatsokomola n'kuzima, ndipo ikazima ili yotentha, kuti ilirenso ndinkatuluka thukuta. Nthawi zina kiki inkabwerera yokha mwamphamvu n'kundimenya kuphazi. Esinati anandifunsa chimene ndinkatsimphinira, ine ndinati ndinaponda chitsa kumunda. Mtima unkandiuza kuti china chake chalakwika, koma kubweza zinthu mwakale kukanatanthauza kubwezanso dzina lija. Ndinangophunzira kumaima ndikupotozabe mafuta, njinga ikubangula ngati ndakwiyira wina.

M'nyengo yotentha ija, mango atayamba kupsa, linafika tsiku lakuti apongozi akatenge mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi ku kiliniki. Amene ankawatengera panjinga yakapalasa ndi mlamu wanga, koma anali atapita kukawedza. Esinati anali ndi mwana wathu Lute kumsana, akudwala malungo. Panalibenso wina koma ine.

Muyenera kudziwa kuti kwathu mkamwini ndi apongozi sayandikana. Tikakumana panjira, wina amapatuka. Tikafuna kulankhulana timakhala motalikirana, ndipo zambiri zimadzera mwa mkazi wanga. Tsono kuti akwere kumbuyo kwanga inali nkhani yochititsa manyazi tonse awiri. Esinati anapinda chitenje n'kuchiika pakati pathu. Apongozi anakhala cham'mbali, miyendo yonse mbali imodzi, kumapeto kwenikweni kwa mpando. Dzanja limodzi linagwira kachikwama kawo, lina linagwira kaliyala kumbuyo. Kundigwira m'chiuno, ngakhale malaya okha, sakanayerekeza. Ndinaponda kiki kangapo mkazi wanga akuyang'ana, mpaka inalira, tinanyamuka dzuwa litakwera kale.

Njira yake imadutsa m'nkhalango ya mitsanya, kenako imatsikira pakamtsinje kouma ka mchenga wokhawokha. Tikuyandikira pamenepo ndinaona ndowe za njovu zikadali zonyowa, ndi nthambi zothyoka kumene. Titangokhota, ndinaziona: njovu zikuwoloka njira, ndipo yaikazi ina inali itaima pakati penipeni, mwana wake ali kumiyendo.

Aliyense woyendetsa njinga m'chigwa muno amadziwa chochita. Umaima patali, umatembenuza njinga kuti iloze kumene wachokera, suliza hutala, suzimitsa injini. Umaisiya izilira motsitsa n'kudikira mpaka eni njira atadutsa. Ndinaima, ndinatembenuza. Koma njinga yanga sinkathanso kulira motsitsa. Ndikapotoza mafuta, phokoso likanaputa njovu. Ndinasiya kupotoza. Inatsokomola kawiri, n'kuzima.

Kunangoti zii. Ndinkamva kupuma kwa apongozi kumbuyo kwanga, ndi nthambi zikuthyoka. Nditacheuka ndinaona yaikazi ija itatukula chitamba, ikutinunkhiza. Inayamba kubwera pang'onopang'ono.

Ndinaponda kiki, osalira. Ndinapondanso, osalira. Kachitatu inabwerera n'kundimenya paphazi lomwe lija, ululu unafika mpaka m'mutu. Thukuta linkandilowa m'maso, manja akuterereka pa mahandulo. Ndinkapemphera, koma mawu ake sindikuwakumbuka. Petulo yense amene ndinkapopa osayaka uja anali atadzazana mu ekizozi, ndipo nditapondanso ndi mphamvu zanga zonse, inaphulika ngati mfuti.

Njovu za kuno phokoso limenelo zimalidziwa, chifukwa ndi limene alonda a minda amazithamangitsira ndi mfuti zawo za tsabola. Yaikazi ija inalira mokuwa, makutu tambasu, n'kuyamba kutithamangira. Nthawi yomweyo injini inagwira. Ndinaponda giya, ndinapotoza mafuta onse, n'kutaya kilachi. Njinga yakale ija ikananyamuka mwaulemu. Iyi inadumpha, tayala lakutsogolo m'mwamba.

Inu owerenga, apa ndi pamene pamandivuta kulemba. Ndinathamanga kamtunda ndithu ndisanazindikire kuti njinga yapepuka. Nditacheuka, kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Apongozi anali gone pakati pa njira, kachikwama kali potero, njovu ikuwalunjika.

Ndinaima, njinga inazimanso, ndinaisiya igwe. Miyendo inakana kupita kutsogolo, inakananso kuthawa. Ndinkangoona. Apongozi anakoka chitenje n'kudzifunditsa kumutu, osagwedezeka. Njovu inafika pafupi kwambiri mwakuti fumbi la mapazi ake linawakwirira. Inaima, inapukusa mutu, inapalasa dothi, inaliranso. M'mutu mwanga munali funso limodzi lokha, lakuti ndikamuuza chiyani Esinati. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Mwana wake analira kutchire, iyo inabwerera chambuyo, kenako inatembenuka n'kutsatira zinzake.

Ndinathamanga motsimphina n'kukawagwadira. Anali moyo, koma nditayesa kuwadzutsa anakuwa. Aka kanali koyamba kuwakhudza chikwatirire mwana wawo. Ndinawanyamula n'kuwagoneka pamthunzi, maso anga ali kunkhalango, kuopa kuti njovu zibwereranso. Njinga ndinaiponda mpaka kutopa, sinalire. Anatipeza ndi mphunzitsi wina wochokera ku Copperbelt amene amaphunzitsa pasukulu ya kwathu. Iyeyo ndiye anaimba foni mpaka kunabwera galimoto.

Kuchipatala anati fupa la m'chiuno lathyoka, ndipo pamsinkhu wawo silidzalumikizana bwinobwino. Anagonekedwa nthawi yaitali. Mayi amene ankalima yekha dimba lake kumtsinje, amene ankasenza mtolo wa nkhuni kuposa atsikana, anabwera kunyumba atanyamulidwa.

Njinga ija ndinakaisiya kwa makaniko ku Chipata, ndipo ndinamuuza zonse. Anandionetsa pulagi itayera ngati phulusa ndi pisitoni itayamba kudyeka pamwamba. Anandifotokozera kuti mpata ukakula kwambiri, moto umalephera kudumpha injini ikamazungulira pang'onopang'ono, n'chifukwa chake inkazima ndi kuvuta kulira. Moto ukabweranso msanga kwambiri umakankha pisitoni isanafike pamwamba, ndiye kiki imabwerera ndipo injini imapsa. Mphamvu imene ndinkanyadira ija, anati, yambiri inali phokoso chabe.

Chimene chinandidwalitsa kwambiri ndi mbiri imene inafala kumudzi. Anthu ankati mkamwini wa kwa Esinati ndi mwamuna, anabwerera kukatenga apongozi ake pamaso pa njovu. Kutchalitchi anandipempherera mondiyamika. Koma ine ndikamva ndodo ya apongozi ikugogoda pabwalo, ndinkalowa m'nyumba. Ndinkaopa kuti Lazalo alankhula, ndinkaopanso kuti salankhula ndipo ndidzakhala nazo mpaka kufa.

Pomaliza ndinamuuza Esinati. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangonena kuti nkhani imeneyi woinyamula si iye, ndikawauze ndekha amayi.

Ndinawapeza atakhala pamphasa pakhonde, akutongola chimanga. Ndinanjuta patali monga mwa mwambo, chipewa m'manja.

“Mwaswera bwanji, amayi?”

“Taswera, atate ake Lute. Kaya inu?”

Ndinafotokoza zonse, za kusekedwa, za tsamba la sowo, za tupa, za phazi limene ndinanamizira chitsa. Ndinati njingayo ndinkaidziwa kuti ndi yodwala pamene ndinkawakweza. Anamvetsera osadukiza, maso ali pachimanga. Nditamaliza anapukuta manja pachitenje.

“Ninamvera pamene tinali kunyamuka,” anatero motsitsa. “Ninaona mmene munali kuvutikira kuiliza. Mtima unakamba kuti seluka panjinga, uzapita mailo kukacha na mwana wako mwamuna. Manje ningakambe bwanji kuli imwe apongozi anga kuti njinga yanu siili bwino? Ninachita nsoni.”

Mawu amenewa anandipweteka kuposa kutukwanidwa. Mayi uja anakwera akudziwa, anakhala chete pofuna kusunga ulemu wanga, pamene ine ndinakhala chete pofuna kusunga matama anga pamaso pa anyamata a ku Jumbe.

Tsono inu anzanga a njinga, mpata wa pulagi usiyeni mmene anaupangira eni ake, ndipo ngati wasuntha, kauyezetseni kwa wodziwa. Zoyatsira moto musazipale ndi tupa chifukwa chakuti wina wakusekani. Njinga ikayamba kuzima yokha, ikayamba kukumenyani ndi kiki, musanyamulirepo munthu, ngakhale ulendo ukhale waufupi. M'chigwa muno njinga yabwino ndi imene imalira mukaifuna, n'kudikira nanu mwakachetechete pamene mukuyenera kudikira. Ndipo wokwera wanu akakhala munthu amene sangakugwireni kapena kukudzudzulani, dziwani kuti moyo wake wonse wausiya m'manja mwanu.

Mvula yagwa tsopano, anthu ali kuminda. Munda wa apongozi ndikulima ndine, ndipo ndidzaulima chaka chilichonse chimene Mulungu andipatse. Koma m'mawa uliwonse ndikamadutsa ndi khasu paphewa, amakhala ali pakhonde, akuyang'ana amayi anzawo akupita kukabzala. Amandipatsa moni mwaulemu, ndipo ine ndimayankha nditayang'ana pansi.