Mapira a Apongozi ndi Injini ya Ndege

Mzungu amene ndinkamugwirira ntchito kufupi ndi Kasisi ankayendetsa ndege pa nkhondo yaikulu ija. Nkhondo itatha anagula injini ya ndege, yozungulira ngati mpendadzuwa, n'kuimangirira pa chitsa kuseri kwa shedi. Ndege yeniyeniyo panalibe. Loweruka lililonse ankailiza injiniyo, iye ataima pambali, maso ali kumwamba ngati munthu wopemphera.

Nthawi imeneyo ndinali mkamwini watsopano, ndipo apongozi anga aakazi ankandiona ngati munthu wongodziwa kudya. Chaka chimenecho mphepo inasowa, mapira awo anangokhala osauluza. Ndinatuma mkazi wanga kukawauza kuti kuntchito kwathu mphepo timapanga tokha.

Anabwera ndi madengu awo onse n'kuima kumbuyo kwa injini. Ikulira pang'onopang'ono, mankhusu ankauluka bwino, mpaka ndinawamva akuuza mwana wawo kuti, "Kansi mwamuna wako ali na nzelu."

Kenaka ndinaona mzungu akugwira kachitsulo kowonjezera moto. Ndinkadziwa chimene chinkabwera. Koma mkamwini sakuwira apongozi ake, ndipo sawayandikira. Ndinagwada patali n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu kuti mkazi wanga acheuke. Ndani akanamva?

Mapira, madengu ndi duku la apongozi, zonse zinauluka kudumpha mpanda. Iwo anadzisansa fumbi n'kuuza mkazi wanga kuti, "Umuuze kuti ulemu wake nauona. Ndiye wamene tizadya chaka chino."

Mvula itagwa, mapirawo anamera pa kapinga wa dona, mkazi wa mzungu uja, ndipo wotumidwa kukawazula ndinali ine.