Bwato la Linunda

Akamathira phula mumsewu kuno ku Kitwe, fungo lake limandibwezera kuseri kwa nyumba yathu ku komboni ya Luangwa, kumene atate ankamata bwato.

Ntchito ya kumgodi inali itatha, ndipo munda umene anapeza unali tsidya lina la mtsinje wa Kafue. Mabwato onse amene ndinkawadziwa ankatukula mphuno ndi kumbuyo. Lathuli linali lotukuka pakati, mphuno yake itazolika ngati mbuzi yodwala. Ine ndinkakhulupirira kuti atate alipanga mozondoka, koma akuopa kunena.

Tsiku lopita nalo kumtsinje analikweza pangolo n'kundisenzetsa nkhafi. Komboni yonse inatuluka. Ana anatitsatira akuimba m'Chibemba kuti bwato la ba Phiri lili ndi linunda. Ndinkayenda m'mbuyo chozolika, kuopa kuti anzanga a kusukulu andiona.

"Atate, bwanji silikufanana ndi la anzathu?" ndinanong'ona titafika padoko.

"Khala apa, mayi," anatero akuloza pakati.

Ndinakhala pansi, matabwa a m'mbali akundilekeza m'khosi, phula likumata diresi langa. Ndinkati akundibisa kuti anthu asandiseke, ndipo chamumtima ndinawathokoza. Iwo ankapalasa ali kumbuyo, kotsika kuja, ndipo nthawi zonse ankafika kumunda buluku lili chonyowa.

Ndinadzazindikira nditabereka wanga mwana: mumtsinje uja muli ng'ona, ndipo linunda limene linkandichititsa manyazi lija atate analiyezera pa msinkhu wanga.