Manda a agogo ku Belgium

Mwana wanga Tadala atandiuza kuti kalasi yawo ikupita ku Belgium kukaona manda a asilikali a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pakamwa panandiyabwa. Tinali m'basi ya ku Easterhouse, dera limene tikukhala kuno kwa azungu, ndipo ndinayankha dala m'Chingerezi kuti amayi achizungu amene anakhala kutsogolo kwathu amve.

"Agogo anga anafera komweko."

Zoona zake n'zakuti agogowo anali telala ku Zomba, ndipo anamwalira ndi ukalamba pamphasa pawo.

Ndinkayesa Tadala aiwala, koma ayi. Anakauza aphunzitsi, aphunzitsi anauza kalasi yonse, ndipo ana a eni ake anayenda m'mvula, manda ndi manda, kufunafuna dzina lathu la Chirwa.

Tadala atabwerako anandionetsa pafoni chithunzi cha mwala wopanda dzina, patsinde pake pali duwa lofiira.

"Adadi, dzina sitinalipeze," anatero ndi Chichewa chake chopotokacho. "Koma aphunzitsi anati mwina ndi awa. Ndinawapempherera."

Ndinangoti zyoli. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Wachita bwino, mwanangu."

Chithunzicho anachisindikiza n'kuchipachika pabalaza. Akuluakulu a kumpingo akabwera amavula zipewa pochilemekeza, ine n'kuthawira kukhitchini kukatereka tiyi.